Mavitamini ndi schizophrenia: ndi ati amathandiza, pa mlingo wotani, kwa wodwala uti?

Kamtedza
Anzanga, pali nkhani imene yafala m'mabanja osamalira odwala schizophrenia, matenda a maganizo amene munthu amamva mawu m'mutu, kukhulupirira zinthu zimene kulibe ndi kudzipatula. Ogulitsa mabotolo a mavitamini, aja amayenda m'maofesi, m'matchalitchi ndi pa WhatsApp, akumauza makolo kuti gwero la matendawa ndi kuperewera kwa mavitamini m'thupi, ndiye munthu akamamwa niacin (vitamini B3), B-complex ndi mafuta a nsomba angathe kusiya mankhwala a maganizo monga chlorpromazine kapena jakisoni wa pamwezi. Makolo akafunsa kuchipatala nthawi zambiri amangouzidwa kuti "zisiyeni zimenezo" osawafotokozera, ndiye amabwerera kwa wogulitsa amene ali ndi nthawi yowamvetsera. Muno muli anamwino, a ku famase ndi a zakudya. Tiuzeni mwatsatanetsatane: vitamini uti ali ndi umboni, amwe wochuluka bwanji, ndipo kuopsa kuli pati akaphatikizana ndi mankhwala a maganizo?

Mlonda wa Usiku
Tisanafike ku mavitamini tikhomerere mfundo iyi: palibe vitamini amene walowapo m'malo mwa mankhwala a schizophrenia. Mu 2012 Stefan Leucht ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wambiri wa odwala amene anali atakhazikika. Mwa anthu 100 amene anasiyitsidwa mankhwala n'kupatsidwa mibulu yopanda kanthu, 64 anadwalanso pasanathe chaka. Mwa 100 amene anapitiriza, anadwalanso 27. Chimene chimanamiza mabanja ndi nthawi. Munthu akasiya jakisoni wa fluphenazine, mankhwala amakhalabe m'thupi masabata angapo, kuuma kwa thupi ndi tulo zimachepa, amaoneka wachangu, ndipo aliyense amati botolo lagwira ntchito. Mawu a m'mutu amadzabwerera patapita miyezi, wogulitsa atagulitsa kale mabotolo ena.

Tchaka
Komatu musatseke khomo msanga. Nkhani ya niacin sanayambitse ogulitsa a pa WhatsApp. Anayamba ndi madokotala enieni.

Gogo Famase
Mwanena zoona a Tchaka, ndipo mbiri yake ndi yofunika kuidziwa. Anali Abram Hoffer ndi Humphry Osmond ku Saskatchewan, dziko la Canada, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, chlorpromazine asanafalikire. Iwo ankaganiza kuti adrenaline amasanduka chinthu chotchedwa adrenochrome chimene chimasokoneza ubongo, ndipo niacin wambiri angaletse zimenezo. Ankapereka magalamu 3 pa tsiku, nthawi zina kuposa apo. Munthu wamkulu amafunika 14 mpaka 16 mg basi pa tsiku, ndiye 3,000 mg ndi kuchulukitsa pafupifupi ka 200. Mu 1968 katswiri wotchuka wa sayansi Linus Pauling anaikapo dzina lake ndi kutchuka kwake, nkhaniyo n'kufala. Koma Thomas Ban ndi Heinz Lehmann ku Montreal atayesa mwadongosolo, gulu lina likumwa niacin lina mibulu yopanda kanthu, sanapeze phindu. Mu 1973 bungwe la American Psychiatric Association linaunika umboni wonse n'kukana njirayi. Mabotolo amene akuyenda lerowa akugulitsa maganizo amene anayesedwa kale zaka zoposa 50 zapitazo.

Tchaka
Hoffer ankayankha kuti anthuwo anayesa pa odwala okhalitsa, pamene iye ankanena za ongoyamba kumene. Komanso ndiyankheni ichi: pelagra, matenda obwera chifukwa chosowa niacin m'thupi, amasokoneza mutu, munthu n'kumaona zinthu zopanda pake, ndipo niacin amamuchiza m'masiku ochepa. Ndiye tinganene bwanji kuti vitamini sachiza kusokonezeka kwa maganizo?

Nesi Nambewe
Apo a Tchaka mwagunda penipeni, koma mfundoyo ikutsutsa ogulitsa aja, osati kuwathandiza. Pelagra si schizophrenia. Ndi matenda ena amene angaoneke ngati schizophrenia, ndipo kwathu kuno, kumene nsima ya chimanga ndiye chakudya, tiyenera kumuganizira pa wodwala aliyense watsopano. Amene wachira ndi niacin ndiye kuti anali ndi pelagra kuyambira pachiyambi.

Zizindikiro zake zimaoneka ndi maso. Muuzeni wodwala atambasule manja. Kuseri kwa zikhatho ndi m'mikono khungu limada, limakhakhala ndi kusenda ngati lapsa, mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo limalekeza ndendende pamene pathera mkono wa malaya. M'khosi mumakhala mzere wozungulira pamene pamafika dzuwa. Onaninso pamwamba pa mapazi. Lilime limafiira ndi kutupa, m'kamwa mumawawa, ndipo ambiri amatsekula m'mimba kwa masabata. Mutu umasokonezeka mosiyana ndi wa schizophrenia: munthu amaiwala, sadziwa tsiku kapena malo amene ali. Wa schizophrenia nthawi zambiri amadziwa kumene ali ndi tsiku lake ngakhale akumva mawu.

Mankhwala ake malinga ndi WHO ndi nicotinamide, mtundu wina wa niacin, 300 mg pa tsiku, wogawa katatu, kwa masabata 3 mpaka 4. Mutu ndi m'mimba zimayamba kusintha m'masiku ochepa, khungu limachedwerapo. Timasankha nicotinamide osati nicotinic acid, mtundu winawo wa niacin, chifukwa sayambitsa kutentha ndi kuyabwa kwa khungu.

Si nkhani yakutali. Mu 1990 anthu oposa 18,000 othawa nkhondo ya ku Mozambique anadwala pelagra m'misasa ya kuno mtedza utasowa pa chakudya chimene ankalandira. Ndipo cha mu 2017, isoniazid atayamba kuperekedwa kwa anthu ambiri a pa ma ARV pofuna kupewa TB, zipatala za m'maboma ena zinaona odwala pelagra akuchuluka. Isoniazid amasokoneza vitamini B6, amene thupi limafuna kuti lipange niacin kuchokera ku tryptophan, chinthu chopezeka m'zakudya zomanga thupi. N'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine (B6 yemweyo) 25 mg. Isoniazid payekha angathenso kusokoneza mutu. Ndiye funso lakuti "mukumwa mankhwala ena ati" lisadumphidwe.

Mlonda wa Usiku
Kuwonjezera pa za anesi: chlorpromazine nayenso amapsereza khungu pa dzuwa, m'malo omwewo, kumaso, m'khosi ndi m'mikono. Wodwala amene akulima ali pa chlorpromazine angaoneke ngati wa pelagra, ndipo wa pelagra angalembedwe kuti ndi mankhwala chabe. Chosiyanitsa ndi lilime, m'mimba, kuonda, ndi funso lakuti khungu linayamba liti, mankhwala asanayambe kapena atayamba. Pokayika, nicotinamide wa masabata atatu sapweteka munthu, pamene pelagra wosachizidwa amapha.

Kamtedza
Nanga B-complex wa m'magolosale ndi m'mafamase uja sangakwanire pa pelagra?

Gogo Famase
Werengani pa botolo. Mbulu wa B-complex wamba, ngakhale wolembedwa kuti strong, nthawi zambiri umakhala ndi nicotinamide 20 mg, thiamine 5 mg, riboflavin 2 mg ndi pyridoxine 2 mg. Kuti mufike 300 mg pafunika mibulu 15 pa tsiku. Mulibenso B12, mulibe folic acid. Banja limaganiza kuti lagula mavitamini B onse, chonsecho awiri mwa amene ali ndi umboni pang'ono pa schizophrenia mulibemo.

Nachisale wa Zakudya
Ndiloleni ndilowetse za kukhitchini. Niacin m'chimanga alimo, koma ndi womangika, matumbo athu sam'tulutsa, ndipo chimanga chili ndi tryptophan wochepa. Anthu a ku Mexico kumene chimanga chinachokera amachiphika m'madzi a laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo zimenezo zimamasula niacin. Chimanga chinafika kwathu koma njira ija inatsalira. Ndiye chimene chimatipulumutsa ndi ndiwo: nsinjiro, chiponde, nyemba, khobwe, nandolo, usipa, matemba, mazira, chiwindi. Wodwala schizophrenia amene wadzipatula, kapena akukana chakudya poganiza kuti athiramo poizoni, n'kumangodya nsima ndi mchere kapena phala lopanda kanthu, ali pa ngozi yeniyeni ya pelagra pamwamba pa matenda ake. Womwa kachasu ndiye koposa.

Tsabola Wakale
Ndiye tibwerere ku mgaiwa basi. Ufa woyera ndi umene watipweteka.

Nachisale wa Zakudya
Mgaiwa uli bwino pa thiamine, mafuta ndi gaga, chifukwa kukonola ndi kuviika mphale kumataya zambiri. Koma niacin wa mu mgaiwa ndi womangikabe, ndiye mgaiwa pawokha suteteza pelagra. Ufa wa m'mapaketi wa makampani akuluakulu umathiridwa mavitamini, wa ku chigayo cha m'mudzi ayi. Chinanso ndi soda kapena chidulo: amafewetsa therere ndi nkhwani, koma amawononga thiamine ndi vitamini C. Masamba ophikidwa mpaka kusanduka bii ataya kale folate wambiri, amene ndi folic acid wa m'chakudya. Bonongwe, chisoso, mpiru ndi kholowa aphikidwe pang'ono, madzi ochepa, msuzi wake osataya.

Tsabola Wakale
Therere lopanda soda ndani angadye?

Nachisale wa Zakudya
Therere likhale ndi soda wake. Ndikunena kuti masamba ena onse asamathiridwe.

Mlonda wa Usiku
Tibwerere ku funso la a Kamtedza. Umboni umene ulipo pang'ono ndi wa folic acid, B12 ndi B6, ndipo m'kafukufuku yense wa izi odwala anali akumwabe mankhwala awo a maganizo. Ku Israel mu 2006 Joseph Levine ndi anzake anatenga odwala 42 amene magazi awo anali ndi homocysteine wokwera, chizindikiro chakuti mavitamini amenewa akuperewera. Anawapatsa folic acid 2 mg, B6 25 mg ndi B12 400 mcg pa tsiku kwa miyezi 3, ndipo zizindikiro zinatsikako. Ku America mu 2013 Joshua Roffman anayesa odwala 140 kwa masabata 16 ndi folic acid 2 mg ndi B12 400 mcg. Kusintha kunaoneka pa kusowa chidwi, kusayankhula ndi kudzipatula, koma kunali kochepa, ndipo kunadalira chibadwa cha munthu pa kayamwidwe ka folate m'matumbo. Pa kumva mawu panalibe kusintha. Mu 2017 Joseph Firth anaphatikiza kafukufuku 18 wa odwala 832 n'kupeza kuti mavitamini B amathandizako, makamaka pa mlingo wokwera komanso kwa amene sanakhalitse ndi matendawa, koma zotsatira zinkasiyana kwambiri pakati pa kafukufuku wina ndi mnzake. Kenaka ku Melbourne anayesa mavitamini B pa achinyamata 120 odwala koyamba kwa masabata 12, ndipo pa zizindikiro za matenda sipanaoneke kusiyana.

Mmene ndikuonera, amene amapindula ndi amene anali operewera kale. Kupereka vitamini kwa wodwala amene sakuperewera kuli ngati kuthira feteleza m'munda umene vuto lake ndi ntchemberezandonda.

Nesi Nambewe
Apa a Mlonda sindikugwirizana nanu kwathunthu. Mukuti tipereke kwa operewera okha. Operewerawo tiwadziwa bwanji? Pa chipatala cha boma laling'ono kapena ku helesi senta palibe woyeza B12, folate kapena homocysteine. Odwala athu ambiri amadya mosakwanira, ena amamwa mowa, ena ali pa carbamazepine kapena phenobarbitone amene amatsitsa folate. Mbulu wa folic acid ndi wotchipa ndipo umapezeka. Ine ndikuti wodwala woonda amene chakudya chake n'chokayikitsa apatsidwe kwa miyezi itatu osadikira labu.

Gogo Famase
Mayi Nambewe, pa B-complex ndi nicotinamide ndikuvomerezani, koma folic acid yekha ayi. Mbulu wa kuchipatala ndi wa 5 mg, mlingo waukulu. Munthu akakhala kuti vuto lake lenileni ndi B12, folic acid amakonza magazi, Hb (mlingo wa magazi) imakwera, aliyense n'kusangalala, pamene mitsempha ya mu msana ndi m'miyendo ikupitirira kuwonongeka mwakachetechete. Akachedwa kwambiri sayambanso kuyenda bwino. Ndiye ngati simungayeze, perekani ziwiri zonse pamodzi, folic acid ndi B12, kapena yambani ndi B12.

Nesi Nambewe
Pamenepo tagwirizana. Vuto ndi lakuti B12 ndi amene amasowa pa shelefu.

Gogo Famase
Ndiye ndalama imene banja limataya pa botolo la wogulitsa ipite ku B12 wa ku famase yovomerezeka.

Dzanja Lamanzere
Za B12 zikufunika kuzifotokoza bwino chifukwa nayenso amatha kuyambitsa kusokonezeka kwa mutu payekha, nthawi zina magazi asanachepe n'komwe. Ganizirani B12 pa munthu amene wayamba kusokonezeka atakula kale, pa amene akudandaula dzanzi kapena kubaya kumapazi, akudzandira makamaka mu mdima, lilime lake ndi losalala ndi lofiira, kapena akuiwala. Kumuyesa sikufuna makina: aime mapazi pamodzi, atseke maso, muone ngati akupepesuka, inu muli pafupi kuti asagwe. Amene ali pa ngozi ndi okalamba, osadya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka kwa zaka, omwa omeprazole nthawi yaitali, ndi omwa metformin. Uyu womalizayu akutikhudza, chifukwa metformin amaperekedwa kwa odwala amene anenepa kapena ayamba shuga chifukwa cha olanzapine kapena clozapine.

Kumene kuli makina oyeza magazi a FBC, onani MCV, nambala yosonyeza kukula kwa maselo ofiira a magazi. Ikaposa 100 ndi chenjezo. Koma musaikhulupirire yokha: mowa ndi zidovudine zimaikweza popanda vuto la B12, ndipo kuperewera kwa ayironi kumaitsitsa n'kubisa vutolo. Pakakhala zizindikiro za mitsempha, njira imene amatsata ku Britain ndi jakisoni wa hydroxocobalamin 1 mg, kudumphitsa tsiku limodzi, mpaka kusintha kutaleka, kenaka kamodzi pa miyezi iwiri iliyonse. Jakisoni akasowa, mibulu ya 1,000 mcg pa tsiku imathandiza, chifukwa kagawo kochepa kamalowabe m'magazi ngakhale m'mimba musakuyamwa bwino. B12 m'masamba mulibe. Ali mu usipa, matemba, chiwindi, nyama, mazira ndi mkaka.

Mwana wa ku Leeds
Kuno ku Britain nkhani imene odwala akuda amamva kawirikawiri ndi vitamini D. Ambiri amene akuyamba kudwala amapezeka naye wochepa, ndipo ku Denmark John McGrath ndi anzake anapeza mu 2010 kuti makanda obadwa ndi vitamini D wochepa amadzadwala schizophrenia mochulukirapo akakula. Koma atayesa kuchiza naye, sizinatheke. Kafukufuku wa DFEND wa mu 2021 anapatsa odwala 149 ongoyamba kumene vitamini D wa 120,000 IU pamwezi kapena mankhwala opanda kanthu kwa miyezi 6, ndipo maganizo sanasinthe. Timamwabe chifukwa cha mafupa. Malangizo a kuno ndi 10 mcg, ndiye kuti 400 IU, pa tsiku m'miyezi yozizira, ndipo kwa ife akhungu lakuda chaka chonse. Risperidone ndi haloperidol amakweza homoni yotchedwa prolactin, zimene zimafooketsa mafupa pakapita zaka, ndiye nkhaniyi si yachabe. Osapitirira 4,000 IU pa tsiku popanda dokotala. Wambiri amakweza calcium m'magazi, munthu n'kumamva ludzu, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa ndi kusokonezeka mutu, achibale n'kumati matenda abwerera.

Tsabola Wakale
Kuno dzuwa ndi laulere, vitamini D sativuta.

Dzanja Lamanzere
Amavuta kwa amene watsekeredwa m'nyumba miyezi. Odwala otere alipo ambiri, ena mwa kufuna kwawo, ena achibale anawatsekera. Atuluke akhale pakhonde m'mawa kapena madzulo. Wa pa chlorpromazine apewe dzuwa la masana, avale chipewa ndi malaya a mikono yaitali.

Gogo Famase
Tsopano za kuopsa, chifukwa a Kamtedza anafunsanso zimenezo ndipo ndi zimene wogulitsa sanena.

Niacin wa mtundu wa nicotinic acid amafutukula mitsempha ya magazi ya pakhungu. Pakatha mphindi 15 mpaka 30 nkhope, khosi ndi chifuwa zimatentha ndi kuyabwa ngati wadutsa m'chitedze. Kwa munthu amene akukayikira kale kuti akumudyetsa poizoni kapena akumulodza, umenewo ndi umboni wokwanira, ndipo angakane mankhwala onse ndi chakudya chomwe. Amatsitsanso BP, ndipo chlorpromazine amatsitsa kale, ndiye munthu akadzuka mofulumira amachita chizungulire n'kugwa. Pa magalamu, niacin amawononga chiwindi, makamaka wa mtundu wotuluka pang'onopang'ono, amakweza shuga ndipo amadzutsa gout, nyamakazi yotupitsa mfundo za mafupa. Maso achikasu, mkodzo wakuda ngati tiyi, nseru yosatha: asiye botolo tsiku lomwelo apite kuchipatala.

Chachiwiri chikukhudza ambiri kwathu. Ma multivitamin okhala ndi ayironi, calcium, magnesium kapena zinc amagwira dolutegravir wa mu TLD, mbulu wa ma ARV uja, m'matumbo, osalowa m'magazi. Wodwala wa pa ma ARV amwe TLD maola 2 asanamwe multivitamin, kapena maola 6 atamwa. Ayironi ndi calcium angamwedwe nthawi imodzi ndi TLD pokhapokha ngati akumwera pa chakudya. Mibulu ya ayironi ya ku sikelo ya amayi oyembekezera ili m'gulu lomweli.

Chachitatu, ayironi ndi calcium amadzimbitsa. Kwa womwa clozapine kudzimbidwa si nkhani yaing'ono, matumbo amatha kuima munthu n'kufa. Chlorpromazine ndi benzhexol nawonso amaumitsa m'mimba.

Chachinayi, mabotolo ena olembedwa kuti ndi a ubongo kapena ochepetsa nkhawa amasakaniza mavitamini ndi zitsamba. Mukaona St John's wort kapena Hypericum, bwezani. Amafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena: ma ARV, mapiritsi olera, clozapine. Botolo lopanda mndandanda wa zimene zili m'kati ndi milingo yake lisagulidwe, ndipo ogulitsa amene akunena kuti likuchiza matenda akanenedwe ku PMRA, bungwe loyang'anira za mankhwala m'Malawi.

Tchaka
Nanga B6? Ndinawerenga kuti amathetsa kunjenjemera ndi kugwedezeka kwa milomo kobwera ndi haloperidol.

Mlonda wa Usiku
Tisiyanitse mavuto atatu, chifukwa mabanja amawatcha onse kunjenjemera. Kuuma thupi, kuyenda ngati womangidwa ndi kutuluka dovu: yankho ndi kutsitsa mlingo kapena benzhexol, vitamini alibepo gawo. Kusakhazikika, munthu osatha kukhala pansi, miyendo ikungopondaponda: kumeneko ndi akathisia, yankho ndi kutsitsa mlingo kapena propranolol. Kutafuna popanda chakudya, lilime kutuluka lokha, milomo kugwedezeka patapita zaka: tardive dyskinesia, ndipo apa benzhexol amawonjezera vuto m'malo mochepetsa. Vladimir Lerner ku Israel anayesa B6 pa mavuto awiri omalizawa ndipo anaona kusintha, koma milingo yake inkafika 1,200 mg pa tsiku, odwala ali m'chipatala akuyang'aniridwa. B6 wambiri kwa miyezi amawononga mitsempha ya kumapazi ndi m'manja, dzanzi lomwe lija timaopa pa B12. Ku America malire a munthu wamba ndi 100 mg pa tsiku, ndipo ku Ulaya mu 2023 anawatsitsa kufika 12 mg. Si chinthu choyesera kunyumba. Vitamini E anayesedwanso pa tardive dyskinesia. Mwina amaletsa kuti isakule, koma saichotsa, ndipo 400 IU kapena kuposa tsiku ndi tsiku ali ndi zoopsa zake, makamaka kwa womwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana.

Tchaka
Ndiye mukuvomereza kuti amagwira ntchito, vuto ndi mlingo.

Mlonda wa Usiku
Ndikuvomereza kuti pa 1,200 mg salinso chakudya, wasanduka mankhwala, ndipo alembedwe ndi dokotala amene aziyesa mapazi a wodwala. Komanso akuchiza zovuta za haloperidol, osati schizophrenia.

Nachisale wa Zakudya
Mafuta a nsomba a Kamtedza anawatchula aja si vitamini koma ali m'chikwama chomwecho cha wogulitsa. Mbiri yake inayambira ku Vienna mu 2010. Paul Amminger anapatsa achinyamata 81 amene anali ndi zizindikiro zoyambirira, asanadwale kwenikweni, omega-3 wa 1.2 g pa tsiku kapena makapisozi opanda kanthu kwa masabata 12. Patatha chaka anadwala 2 mwa 41 a omega-3 ndi 11 mwa 40 a gulu linalo. Anthu anasangalala kwambiri. Atabwereza pa achinyamata 304 m'mayiko angapo, zotsatira za mu 2017 zinaonetsa kuti palibe kusiyana. Ndipo onsewa anali anthu osadwala kale. Ndalama ya makapisozi igule usipa kapena kapenta: mumapezeka omega-3, B12, niacin, calcium wa m'minga ndi zomanga thupi nthawi imodzi.

Nesi Nambewe
Gulu limodzi tisaliiwale: amayi a msinkhu wobereka. Folic acid wa 400 mcg asanatenge mimba ndi miyezi itatu yoyamba ndi wa mayi aliyense, ndipo wa pa carbamazepine amapatsidwa 5 mg. Koma sodium valproate, amene odwala ena amapatsidwa pofuna kukhazika mtima, amalemaza mwana m'mimba, ndipo folic acid sachotsa ngozi imeneyo. Mayi wotere akambirane ndi dokotala za kusintha mankhwala mimba isanabwere. Njala ya mayi woyembekezera imakhudzanso ubongo wa mwana: ana amene mimba zawo zinayamba pa njala ya ku Netherlands ya 1944 mpaka 1945 anadzadwala schizophrenia pafupifupi kawiri kuposa anzawo, ndipo zofanana zinaoneka pa njala ya ku China ya 1959 mpaka 1961.

Kamtedza
Zikomo nonse. Ndiye kholo likabwera ndi botolo m'manja, tiyambire pati?

Dzanja Lamanzere
Musalitaye botololo pamaso pawo, mudzawataya iwo. Litengeni muwerenge limodzi. Onani mayina ndi manambala, ndipo samalani mg ndi mcg, chifukwa 1 mg ndi 1,000 mcg ndipo ambiri amasokoneza. Mukapeza niacin wa mazana a mg, B6 woposa 50 mg, vitamini A kapena D wa milingo yaikulu, kapena zitsamba, afotokozereni chifukwa chake n'loopsa. Akakhala multivitamin wamba wa mbulu umodzi pa tsiku, angapitirize, bola mankhwala a kuchipatala asasinthe ndipo nthawi ya TLD isiyanitsidwe. Kenaka muoneni wodwalayo: manja, khosi, lilime, maso, mapazi, kayendedwe, sikelo. Funsani zimene wadya dzulo, osati zimene amadya, chifukwa yankho la funso lachiwirilo limakhala laulemu. Funsani za mowa, chamba, isoniazid, metformin, efavirenz. Wodwala watsopano ayezedwe HIV, chindoko, malungo ngati akutentha thupi, shuga ndi FBC. Chilichonse chimene akumwa chilembedwe m'kabuku ka kuchipatala, kuti akapita ku Zomba Mental, ku St John of God kapena ku Chainama ku Lusaka akawerenge.

Mukaganiza zoyesa folic acid ndi B12 pa wodwala wodzipatula amene wakhazikika pa mankhwala, sankhani ndi banja zinthu ziwiri kapena zitatu zooneka: akusamba yekha, akupita kumunda, akuyambitsa nkhani pa chakudya. Lembani mmene zilili lero, musasinthe mankhwala ena nthawi yomweyo, muonenso pakatha miyezi itatu. Popanda kusintha, asiye.

Nesi Nambewe
Miyezi itatu ndi yochepa pang'ono. Roffman anayesa masabata 16, ndipo kudzipatula kumasintha mochedwa. Ndingapereke inayi. Komanso musanayambe, onani ngati kusowa chidwi kwa wodwalayo sikukuchokera ku mlingo waukulu wa haloperidol kapena ku matenda a kukhumudwa, chifukwa zonsezi zimaoneka chimodzimodzi ndipo zili ndi yankho lofulumira kuposa vitamini.

Mlonda wa Usiku
Chomaliza cha a ku OPD. Chidakwa choonda chikabwera chosokonezeka, chikudzandira, maso akugwedezeka okha kapena osatembenuka bwino, musathamangire haloperidol ndi dripu ya dextrose (shuga). Ameneyo ganizirani Wernicke, kuperewera kwa thiamine. Dextrose wopanda thiamine amawonjezera vutolo. Perekani thiamine wa jakisoni kaye kapena nthawi yomweyo, ndipo shuga akakhala wotsika musachedwetse dextrose podikira. Mibulu ya B-complex ya 5 mg ija pamenepa siikwanira, ndipo matumbo a chidakwa sayamwa bwino thiamine wakumwa.

Gogo Famase
Ndipo pa chidakwa chomwecho onaninso m'khosi ndi kuseri kwa zikhatho. Wernicke ndi pelagra zimabwera limodzi kawirikawiri, ndiye akapatsidwa thiamine yekha koma kusokonezeka ndi kutsekula m'mimba osaleka, onjezani nicotinamide 100 mg katatu pa tsiku.